Azakhali akudikirabe sitima ya ku Nsanje

Foni inalira cham'ma 4 koloko m'bandakucha. Aliyense wochokera kwathu kuchigwa amadziwa kuti foni ya nthawi imeneyo sibwera ndi moni, choncho ndisanayankhe n'komwe mtima unali utathamangira kale ku maliro. Anali mdzukulu wa azakhali anga, mtsikana wa zaka 15, akulankhula chapansipansi ngati wabisala kuseri kwa nkhokwe.

"Amalume, bwerani. Agogo awapeza pakhomo pa eni ake. Anthu akuti agwa pa ndege."

Ndinafunsa ngati avulala. Anati ayi, koma chitenje alibe, ndipo m'manja muli lichero. Lichero! M'nyumba muja muli mthiko, chipande, ndowa, khasu, koma azakhali anakanyamula chinthu chokhacho chimene aliyense wa ife anamva ali mwana kuti ndicho afiti amaulukira. Unali mwezi wa Okutobala 2024, kutentha kwa kwathu kuja koti usiku munthu umayala mphasa panja n'kumalakalaka utavula ndi khungu lomwe. Za kusowa kwa chitenje, wina aliyense wa m'chigwa akanazimvetsa. Koma m'mawa umenewo panalibe amene ankafuna kumvetsa.

Sabata yomweyo, Lachiwiri, ine ndi mkazi wanga tinali titakhala pa mipando yofewa m'chipinda chozizira bwino cha dokotala wina wolipira mu Blantyre, tikuuzidwa dzina la matenda a apongozi anga.

Apongozi aamunawa amakhala ku Nchalo. Anagwira ntchito ya ukalaliki zaka zoposa 30, anapuma ndi penshoni yawo, nyumba ya njerwa zootcha, magetsi, mpanda. Iwowa zinayamba pang'onopang'ono: kulipira bilu ya madzi kawiri, kufunsa funso lomwe afunsa kale, tsiku lina makiyi kupezeka mu fuliji. Mlamu wanga wina ndi namwino ku Manchester, ndipo ndiye anayamba kutchula mawu oti dementia pa gulu la banja la pa WhatsApp. Mwezi usanathe ndalama zinasonkhedwa, galimoto inakwera Thabwa, bambo anapatsidwa pepala ndi pensulo kuti ajambule wotchi. Manambala onse anawaunjika mbali imodzi ngati mbuzi zothawa mvula. Munthu amene ankawerengera malipiro a anthu mazanamazana ndi mutu wokha. Anawatenga magazi, anawajambula mutu, kenako dokotala anatikhazika pansi n'kutifotokozera osathamanga.

Anati dementia ndi dzina la chimene chimachitika ubongo ukamawonongeka pang'onopang'ono mpaka munthu kulephera kukumbukira, kulingalira ndi kudzisamala, ndipo matenda oyambitsa zimenezi alipo angapo. Ofala kwambiri ndi a Alzheimer, otchedwa dzina la dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, amene anawafotokoza mu 1906 atapima ubongo wa mayi wina yemwe anamwalira atasokonezeka motere. Ena amabwera mitsempha ya magazi ya mu ubongo ikamatsekeka, timasitiroko ting'onoting'ono tobwera ndi BP yosasamalidwa, toti mwini wake satimva n'komwe. Mankhwala ochiza palibe. Alipo monga donepezil amene ena amawathandizako kwa kanthawi. Ndipo anatiuza chinthu chimene chinandikhala m'mutu: za dzulo ndi za lero ndizo zimayamba kufufutika, zakale zimatsalira. Ndinaganiza za nkhokwe ya mapira. Mumayamba kutapa omwe munathira komaliza, a pansi ndiwo amakhalitsa.

Ndinkagwedeza mutu pampando paja ngati ndikumva zachilendo. Chonsecho palibe chimene dokotala ananena chomwe sindinachione kale, kwa zaka 5, mwa mayi amene anandilera. Ine ndinkangoti ndi ukalamba.

Azakhali ndi mlongo wawo wa bambo anga. Bambo atamwalira ndili Sitandade 3, iwo ndiwo ananditenga, n'kukulira m'manja mwawo ku Makhanga, kufupi ndi kumene Ruo amakumana ndi Shire. Kumunda ankalima mapira ndi thonje, madzi akaphwa ankatsikira kudimba kukadzala chimanga, mbatata ndi nyemba. Tsiku la sitima ankasenza lichero la mbatata yophika ndi nsomba zowamba kupita pa siteshoni. Fizi yanga ya ku sekondale inatuluka pa mazenera a sitima imeneyo, tambala ndi tambala.

Ana anabereka 6. Awiri anamwalira ali akhanda. Awiri anapita ndi matenda aja m'zaka za m'ma 1990, ma ARV asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004. Wamkazi wotsiriza anatengedwa ndi madzi a mu Januwale 2015, n'kusiya mwana uja anandiimbira foni. Wamwamuna wotsala analowera ku Joni ndipo foni yake inasiya kulira kalekale. Ndalemba zimenezi mwadala, chifukwa kwathu mayi wokalamba amene waika ana ake onse m'manda amakhala ndi mlandu umene sanapalamule. Anthu amawerenga manda aja n'kuyamba kunong'onezana kuti iyeyo bwanji sakufa.

Kuiwala kunayamba cha m'ma 2019. Mchere kawiri m'ndiwo. Mphika kupserera pamoto iwo ali kwa aneba. Ndalama kuzibisa m'denga, kuiwala, kenako kumukalipira mwana kuti waba. Koma ku Makhanga zimenezi sizinafike pokhala nkhani, ndipo chifukwa chake ndachizindikira mochedwa. Mudzi unkakumbukira m'malo mwawo. Akalowera kudoko dzuwa litapendeka, asodzi ankadziwa kuti awa ndi mayi a mbatata aja, mmodzi n'kusiya ukonde wake: "Tiyeni, mayi, kunyumba kwabwera alendo." Amayi pa mjigo ankawatula ndowa n'kuwalozetsa njira mochita ngati akucheza. Ndiponso mapazi awo ankadziwa dziko lija kuposa mutu. Mlambe uli apa, migwalangwa ili apo, ukadutsa chulu wafika. Njira yoyendamo zaka 60 siifuna kuiganizira.

Namondwe Freddy anabwera mu Malichi 2023. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, oposa 600,000 anathawa m'nyumba zawo. Azakhali ndi mdzukulu anapulumuka pa bwato, n'kukafikira pa msasa pa sukulu ina, m'kalasi momwe munkagona anthu ochuluka moti potembenuka umayamba wapepesa. Kwa munthu wa mutu wabwino moyo wa pa msasa ndi wowawa. Kwa azakhali unali ngati kuwatseka m'maso n'kuwazunguza. Ankadzuka usiku kufunafuna chitseko cha nyumba yawo, n'kukagona pa mphasa ya eni. Ankatenga mbale ya wina poyesa ndi yawo. Pa kalembera wa ufa anafunsidwa dzina ndi zaka, iwo n'kutchula mudzi wa amayi awo. Chiphaso cha unzika chinali chitapita ndi madzi. Olemba mayina aja sanali ankhanza ayi. Pepala lawo linali ndi malo a amayi oyembekezera, a ana aang'ono, a olumala. Munthu woyenda bwinobwino ndi miyendo yake koma mutu utamuthawa analibe polembedwa, ndiye mwana wa zaka 13 ndi amene ankaima pa mzere kuyankhira banja.

Kenako anapatsidwa malo kumtunda, chakumapiri a Thyolo. Ine ndinali mmodzi wa amene ankalimbikitsa kusamukako, ndipo ngakhale lero ndinganenenso chimodzimodzi, chifukwa Ruo sanyengerera munthu. Koma sindinawerengere chimene tikuwalanda. Kumalo kwatsopanoko kulibe mlambe uja, kulibe doko. Oyandikana nawo ndi anthu a m'midzi yosiyanasiyana, kuphatikizapo eni nthaka amene sanawaonepo azakhali ali ndi mphamvu zawo. Iwo anangoona nkhalamba yolankhula yokha, yopanda mwana ndi mmodzi yemwe, yoti dzuwa likamalowa imayamba kujijirika, kumanga katundu, kunena kuti ikupita kwawo. Madokotala amazidziwa bwino zoti odwalawa amavutika kwambiri chakumadzulo. Pamudzi, munthu woyamba kutakataka mdima ukamagwa ali ndi dzina lina.

Ndinanyamuka ndi minibasi yoyamba. Amene anatsikapo Thabwa m'mawa wa Okutobala akudziwa mmene mpweya umasinthira pa kona iliyonse, mpaka pansi paja umachita ngati watsegula uvuni. Msewu wa East Bank wolowera ku Fatima unandidyera maola ena, ndipo ndinafika dzuwa lili pamutu. Anyakwawa, Mulungu awadalitse, anali atawakhazika azakhali pa khonde lawo n'kuwafunditsa chitenje cha akazi awo. Pabwalo panali anthu osachepera 50. Mwini khomo lomwe anapezekapo anali ataika mwana wake masabata awiri m'mbuyomo. Ndinamuyang'ana m'maso bamboyo ndipo sindinathe kumuda.

Chimene chinandiopsa kwambiri ndi kanema amene mnyamata wina anandionetsa pa foni yake, wojambulidwa ine ndisanafike.

"Agogo, munabwera bwanji kuno?"

"Pa sitima."

"Munali ndi anzanu?"

"Eee, tinalipo ambiri."

"Nyama ija munadya?"

Azakhali anamwetulira, n'kuomba m'manja mwaulemu ngati mlendo amene wafunsidwa za chakudya. "Tadya, mwanangu. Takhuta."

Kwa anthu aja nkhani inali yatha, mwini wake wavomera. Koma amene anakhalapo ndi wodwala matendawa akudziwa kuti amavomera chilichonse. Safuna kuoneka kuti funso lamudutsa, ndiye amatola mawu ako omwewo n'kukubwezera mwaulemu. Ukamufunsa ngati anapita ku London dzulo, akuuza kuti kunali bwino. Ndimadzifunsa kuti mwa nkhalamba zomwe timamva pa wailesi kuti zaulula zokha, ndi zingati zinkangoyankha mwaulemu chonchi.

Lamulo lilipo, ndipo ndi lakale kuposa aliyense amene anali pabwalo paja. Lamulo la za ufiti la 1911 likugwirabe ntchito, ndipo limati kuloza munthu chala kuti ndi mfiti ndi mlandu. Silinawatchinjirize agogo anayi a ku Neno amene anaphedwa mu Januwale 2016 mphenzi itapha mtsikana wa m'mudzi mwawo. A bungwe la MANEPO, loona za anthu achikulire, chaka ndi chaka amadandaula za imfa zoterezi. Nkhani ya ku Neno ndi imene inkandizungulira m'mutu njira yonse. Koma pabwalo paja sindinatchule lamulo, ndipo sindinayambe mtsutso woti ufiti ulipo kapena kulibe. Munthu wa m'tauni wovala nsapato akayamba kuopseza anthu ndi apolisi, madzulo iye amakwera minibasi, nkhalamba n'kutsala ndi anthu omwewo.

Amene anatipulumutsa ndi mayi wina wachikulire wochokera ku Makhanga komweko, amene anafika mochedwa akutsimphina ndi ndodo. Anatola lichero lija, kulitembenuza, n'kunena mokweza kuti aliyense amve: "Ili ndi la pa siteshoni ili. Awa amapita kukagulitsa mbatata. Ine ndinkakhala nawo pafupi, iwo mbatata, ine zitumbuwa." Anafotokoza za sitima ya ku Nsanje, mmene inkaimira, mmene ankathamangira m'mbali mwa mabogi lichero lili pamutu. Achikulire angapo anayamba kuvomereza ndi mitu. Achinyamata sankadziwa n'komwe kuti sitima yochokera ku Limbe inkawoloka Shire pa Chiromo mpaka madzi atadula njanji mu 1997, pamalo pomwe lero timawoloka pa bwato n'kumati pa Mtayamoyo.

Apo m'pamene ndinapeza pakamwa. Ndinawauza za apongozi anga, ndipo ena ankawadziwa, poti ku Nchalo anthu ambiri a kwathu anadulako nzimbe. Ndinati bambo aja masiku ano amadzuka 2 koloko usiku, kuvala tayi, kutenga chikwama, ati akuchedwa ku ntchito. Kusiyana kwake n'koti kuli geti yokiya ndi mlonda amene amawauza kuti bwana, lero ndi Lamulungu. Mnyamata wa foni uja anafunsa ngati ndiye kuti nawonso amauluka. Anthu anaseka, ndipo kuseka kuja kunatsitsa mapewa a bwalo lonse. Anyakwawa anagamula kuti nkhalamba ipite kuchipatala, ndipo tibwere ndi kalata.

Kalata imeneyo ndi imene inandiphunzitsa kutalika kwa mtunda wa pakati pa azakhali ndi apongozi, omwe onse amamwa madzi a Shire mmodzi.

Tinawakweza pa njinga yamoto, ine kumbuyo nditawagwira. Pa chipatala chaching'ono chomwe tinapita panali dokotala mmodzi ndi mzere wozungulira khonde: ana otentha thupi, amayi oyembekezera, bambo wolumidwa ndi njoka. Nthawi yathu itakwana tinakhalamo mphindi zosapitirira 5. Anawayeza BP, koyamba m'moyo wawo wonse, ndipo inali yokwera moti dokotala anayezanso kachiwiri. Nditafotokoza za kuiwala anapumira m'mwamba. "Ndi ukalamba umenewo, bambo. Akayamba kuvuta kwambiri mudzabwere, tidzalembe kalata ya ku Zomba." M'kabuku analembamo mzere umodzi. Sindikumunena mnyamatayo. Anthu amene anali panja akanatha kufa tsiku lomwelo, azakhali ayi, ndipo iye anasankha monga aliyense akanasankhira.

Koma taganizani za yankho lakelo. Pakati pa "ndi ukalamba" ndi "ku Zomba" palibe pena poima. Chipatala cha boma chachikulu cha matenda a maganizo chili ku Zomba, a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, madokotala a ukatswiri umenewu ndi ochepa ndipo ali m'mizinda. Kuchokera ku Nsanje boma kukafika ku Blantyre kokha ndi makilomita pafupifupi 180. Komanso dzina loti Zomba, pakamwa pa anthu, ndi chitonzo. Kubwerera kumudzi ndi kalata yoti nkhalamba ndi ya ku Zomba kukanangosintha dzina, kuchoka pa mfiti kupita pa wamisala. Azakhali sankafunika kugonekedwa kulikonse. Ankafunika munthu wovala yunifolomu woti anene pamaso pa mudzi kuti awa akudwala, matenda ake ndi akuti, muziwatere.

Ngakhale akanafika kwa dokotala wa apongozi uja, wotchi akanaijambula bwanji munthu amene sanagwirepo pensulo? Nthawi ankaidziwira ku dzuwa ndi kulira kwa sitima. Ku Tanzania, m'boma la Hai, ofufuza anakonza njira yoyezera yotchedwa IDEA poganizira anthu ngati iwowa: kutchula nyama zomwe ukuzidziwa, kusunga mawu angapo m'mutu n'kuwabwereza pakapita kanthawi, kuyala timitengo ta machesi motsanzira chithunzi. Sipafunika magetsi kapena makina. Mlangizi wa zaumoyo amene amayenda kale m'midzi ndi sikelo ya ana akhoza kuiphunzira. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 860,000 m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Mwa okalamba onse amene ndikuwadziwa m'chigwa chonsecho, amene m'kabuku kawo ka kuchipatala munalembedwa dzina la matendawa ndi apongozi anga okha. Pamenepo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti odwala matendawa padziko lonse ndi oposa 55 miliyoni, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse ali m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Ambiri mwa iwo ndi azakhali a winawake, opanda kalata.

Mlamu wa ku Manchester uja tsiku lina anaponya pa gulu nkhani ya mankhwala atsopano otchedwa lecanemab, amene anavomerezedwa ku America mu 2023, mtengo wake madola 26,500 pa chaka, ndipo ngakhale amenewo sachiza, amangochedwetsako. Ndinaiwerenga ndili pa mzere wa famase mu Limbe, ndikugula timapilitsi ta BP ta azakhali poti kwawoko tinali titatha. Timapilitsi timeneti ndi totchipa kwambiri, ndipo tikanayamba zaka 20 zapitazo tikanateteza mitsempha ija. Akatswiri amene magazini ya Lancet inawasonkhanitsa ananena mu 2024 kuti pafupifupi 45 mwa 100 ya matendawa imagwirizana ndi zinthu 14 zotheka kuzipewa kapena kuzichepetsa. Nditawerenga mndandandawo ndinangoona mbiri ya azakhali: BP yosayezedwa, makutu osamva bwino, maso a ng'ala, mpweya wautsi, kusapita kusukulu. Bambo anga anatumizidwa ku sukulu ya mishoni. Mlongo wawo anatumizidwa kukaingitsa mbalame m'mapira. Kusiyana kumene ndinakuona mu 2024 kunadzalidwa m'zaka za m'ma 1950, ndi agogo anga omwe, mosaganizira choipa chilichonse.

Chinthu chimodzi chimene dokotala wa ku Blantyre anatiuza chinawathandiza azakhali kuposa apongozi. Anati wodwala akasintha mwadzidzidzi, lero ali bwino mawa sakudziwa aliyense, musamati matenda akula. Kawirikawiri pamakhala china: malungo, matenda a m'njira ya mkodzo, kapena kuchepa kwa madzi m'thupi. Ndi kutentha kwa kwathu, nkhalamba yoiwala kumwa madzi imafooka tsiku limodzi. Mu Novembala azakhali anagona osadzuka, akulankhula zosamveka, anthu n'kuyamba kusesa pabwalo. Anali malungo. Atamwa mankhwala, tsiku lachinayi anapempha phala.

Tsopano za mwana uja, poti nkhani imeneyi ndimaizemba.

Ku Nchalo apongozi ali ndi akazi awo, mnyamata wolembedwa ntchito wowasambitsa, matewera a akuluakulu ogula m'sitolo, fani, ndi ana 5 osinthana kutumiza ndalama. Ndipo ngakhale zili choncho apongozi aakazi atha thupi, moti ndikawaona ndimachita mantha kuti atsogola ndi iwo. Kumtunda kuja zonsezi zili pa mtsikana mmodzi. Anasiya sukulu ali Sitandade 7. Amatunga madzi, kuphika, kuchapa zofunda zonyowa m'mawa uliwonse, kupirira kutchedwa wakuba ndi munthu amene akumudyetsa. Chichitikireni nkhani ya lichero, usiku ankamanga chingwe ku dzanja lake ndi ku dzanja la agogo ake kuti akadzuka amve. A WHO amati maola 70 mwa 100 alionse osamalira odwala matendawa amagwira ndi akazi. Kwathu ndingawonjeze kuti ambiri mwa akaziwo ndi ana, kapena nkhalamba zinzawo.

Ndamvapo za mabanja amene amatsekera nkhalamba m'nyumba akamapita ku ganyu, ena kuimangirira pa mtengo. Kale ndinkati ndi nkhanza. Lero ndimayamba ndafunsa kuti pakhomopo pali anthu angati, ndipo akapanda kupita ku ganyuko adya chiyani. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, amafikira mabanja osaukitsitsa opanda wogwira ntchito, ndipo kumene wafika amagula ufa ndi sopo. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomerezanso lamulo loteteza anthu achikulire. Zonsezi n'zabwino. Koma chimene chikusowa pakhomo paja ndi munthu wachiwiri, woti mwana akapita kusukulu iye atsale. Ine ndimatumiza ndalama pa foni mwezi uliwonse n'kumadzimva kuti ndine mwana wabwino. Ndalama sidzuka 2 koloko usiku.

Ndinayesapo kuwatenga. Mako ndi mako, ndinadziuza choncho, ndipo mu Juni chaka chathachi ndinabwera nawo kwathu ku Bangwe. Anakhala masabata atatu. Chisanu cha Blantyre chinawalowa m'mafupa, chimbudzi cha m'nyumba ankachiopa, ndipo Chichewa chinayamba kuwathawa, n'kutsala Chisena cha amayi awo chimene ana anga samva. Tsiku lonse ankaima pa geti atagwira zitsulo, kuyang'ana kumene kulibe mtsinje. Anasiya kudya. Mkazi wanga, amene kumapeto kwa sabata iliyonse amakhala ali ku Nchalo kwa bambo ake, sanadandaule ndi kamodzi komwe, ndipo kusadandaulako ndi kumene kunandiuza kuti tafika pamapeto. Ndinawabweza. Titangotsika Thabwa, thukuta litayamba, anayamba kuimba.

Zimene tachita kuchokera pamenepo ndi zazing'ono. Chingwe cha pa dzanja tinachichotsa, m'malo mwake pa chitseko pali zitini zomangirira zomwe zimalira chikatseguka. M'madiresi awo onse tinasokereramo kansalu kolembedwa nambala yanga. Akatekisiti analankhulapo za matendawa pa mphakati, ndipo atatha, anthu atatu anawatsatira padera kukanena za makolo awo omwe ankawabisa m'nyumba. Anyamata a kabaza a pa siteji akuwadziwa tsopano, akawaona akulowera kunsi amawakweza n'kuwauza kuti sitima yachedwa, akadikire kunyumba. Mayi wa zitumbuwa uja amabwera kudzakhala nawo m'mawa masiku atatu pa sabata. Ndalama imene ndimamupatsa amakana kuitcha malipiro, amati ndi ya sopo. Masiku atatu amenewo mwana amapita kusukulu. Masiku awiri otsalawo sapita, ndipo aphunzitsi anena kale kuti mayeso a Sitandade 8 sadikira munthu. Bambo wa mwana womwalira uja mpaka lero sawapatsa moni azakhali.

Ndinapitako mwezi watha. Ndinadzera ku Nchalo, kumene apongozi anandilandira ngati mesenjala n'kundituma kuti ndikatenge buku la malipiro. Kumtunda ndinafika chakumadzulo. Azakhali anali pa khonde, lichero pamiyendo, muli mbatata zinayi zomwe mdzukulu amawaikiramo dala nthawi imeneyi kuti asanyamuke.

"Achimwene, mwabwera?" Bambo anga anamwalira zaka zoposa 30 zapitazo.

"Ndabwera."

"Sitima ya ku Port Herald yadutsa?"

Kale ndinkawakonza. Ndinkawauza kuti ndine mwana wa achimwene awo, kuti njanji inaduka, kuti dzina limenelo linasinthidwa kalekale kukhala Nsanje, ndipo ulendo uliwonse ankalira maliro a bambo ngati uthenga wafika kumene. Mwana wa zaka 15 ndi amene anandiletsa. Anati, amalume, mukawauza zoona amalira, ndipo mawa mudzawauzanso.

"Sinadutse," ndinatero. "Akuti yachedwa ku Luchenza."

"Ndiye gulani mbatata, isazizire."

Ndinatulutsa K500. Anaiyang'ana mbali zonse n'kundibwezera, ati imeneyo si ndalama. Ndinapisanso m'thumba n'kupeza K1,000. Ataona nkhope ya Kamuzu anagwedeza mutu, anandisankhira mbatata yaikulu, ndalama ija n'kuimanga pa mfundo ya chitenje, kawiri. Mdzukulu anandinong'oneza kuti aimasula akagona, isanakafike m'denga.